Zigubu za Madzi a Kalingadzi

"Madzi ali m'filiji ya m'galajamo wina asawakhudze. Si akumwa, si ochapira, ngakhale chala chokha musaviikemo. Madzi amenewo ndi mboni."

Edda adalankhula mawuwa Lachinayi loyera dzuwa litapendeka, ali chilili pakhonde la nyumba yake ku Armadale, kumphepete kwa mzinda wa Perth, ndipo adakweza mawu dala kuti pasadzapezeke wina woti sindidamve. Amene adamva adali anthu atatu, ndipo atatu onsewo adaseka. Kuseka chenjezo n'koopsa, inu, makamaka kudziko la eni kumene ngakhale mbalame zimalira ngati zikukunyogodola.

Woyamba kuseka adali Sunday, Mzambia amene ankayenda m'makomo a Amalawi kugulitsa nyama ya mbuzi.

"Ba Edda, manje mowa wa Isitala tizaika kuti? Filiji yonse mwapasa musinje?"

Wachiwiri adali Perpetua, mayi wa mapemphero, yemwe kuseka kwake kunkatulukira m'mphuno.

"Ine ndinanena kale. Kutunga madzi a kumtsinje, kuwagoneka m'nyumba, kuwatcha munthu, kuwapezera loya. Kwathu zimenezo dzina lake timalidziwa. Mudzandifuna muno, mayi."

Wachitatu adali Overstone, makaniko wa makina a kumgodi, amene adabwera ndi mtolo wa nkhwani wa m'dimba lake monga ankachitira nthawi zonse akakhala pa tchuthi. Adauika mtolowo pampando, n'kupukuta manja pa thalauza.

"Amake Tionge, tsiku limene mtsinjewo udzapite kukhoti mudzandiitane. Ndikufuna ndidzauone utavala suti."

Edda sadaseke nawo. Adatenga nkhwaniwo, nathokoza, nakiya galaja onse akuona.

Zimenezi zinkachitika zaka zija migodi ya kumpoto inkameza amuna. Ndege zinkanyamuka zitadzaza anthu a malaya achikasu, n'kudzawalavula patapita milungu ali ofiira ndi fumbi. Makina nawo akatopa ankabwera pa malole kudzatsukidwa, ndipo kampani ina inkawatsukira kuseri kwa Armadale, m'mbali mwa kamtsinje kena. Dzina lenileni la kamtsinjeko linkaluma lilime, choncho Amalawi adangokatcha Kalingadzi. Kumeneko ndi kumene ankapita kukaotcha nyama ndi kukabatiza, mpaka chaka chimene nsomba zidayamba kuyandama mimba zili m'mwamba.

Tionge, mwana mmodzi yekhayo wa Edda, ankaphunzira za madzi ku yunivesite ya ku Bentley. Mtsikanayo adagwirizana ndi eni nthaka, mtundu umene azungu adaupeza m'dzikomo, amene ankatsogoleredwa ndi mayi wachikulire wotchedwa Anti Connie, pamodzi ndi maloya ena a ku Fremantle. Chimene ankafuna n'choti lamulo liuwerengere mtsinjewo ngati munthu, woti ukavulazidwa uzikadandaula m'dzina lakelake. Mvula yoyamba itagwa, paipi ya kampani ija idasanza thovu, ndipo Tionge adathamangirako n'kudzaza zigubu pakamwa penipeni pa paipiyo. M'mawa mwake paipi idapezeka itamatidwa ndi simenti, ngati sidakhalepo. Kumalo oyezera madzi adali atatseka chifukwa cha Isitala. Ndiye mawu onse a mtsinje uja adali m'zigubuzo, m'galaja la mayi wamasiye, kudikira Lachiwiri. Zikasowa, Tionge adzaoneka wabodza pamaso pa maloya ndi pa eni nthaka, ndipo kampani idali italonjeza kale kuti idzamusumira chifukwa choipitsa dzina lake.

Za malamulozo Edda sankazimvetsa zonse. Chimene ankadziwa n'choti chinthu chimene anthu olemera akuchiopa sichigonekedwa m'filiji yotseka ndi njerwa.

*

Loweruka m'mawa Tionge adalowa m'galaja, ndipo sadatulukemo. Edda atamulondola adamupeza ataima chabe, manja ali lende. Filiji idali mbee, yopukutidwa bwinobwino.

Loko sadathyoledwe. Kiyi idali pamalo pake, m'jombo yakale ya malemu a Msaiwale, bambo ake a Tionge, imene inkakhala kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Lachisanu lonse panyumbapo padalibe munthu. Edda adali pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba, Tionge adakwera sitima kupita ku Fremantle kwa maloya.

Wapolisi adabwera, mnyamata wamtali waulemu wake. Adafunsa chimene chabedwa, ndipo atauzidwa adabwereza kufunsa.

"Akuti madzi okha basi?" Tionge adamasulirira amake, ngakhale Edda adali atamva. "Akuti makina otchetchera kapinga sanatenge, njinga sanatenge?"

"Muuze kuti wakubayo ndi wolemera kale."

Wapolisiyo adalemba zolemba zake n'kumapita. Tionge adakhala pansi pa simenti. Mwana ameneyu adakulira ku Perth, Chichewa ankamva chonse koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi chija chotafuna mawu.

"Ndi akampani, mami. Atuma mbava."

"Mbava ya kampani ikadadziwa bwanji za jombo ya bambo ako? Ukadzapita kunyumba ya mzungu, kiyi udzaipeza pansi pa mphasa ya pakhomo. M'jombo timaika ndife."

Edda adawerama pakhomo la galajalo. Pamenepo padali ngalande ya madzi a mvula yophimbidwa ndi zitsulo. Adayang'ana osagwira, chifukwa m'malo otero mumakhala kangaude uja wa banga lofiira kumsana, ndipo munthu wanzeru salowetsamo dzanja. Ulusi wa kangaudeyo udali wosaduka. Masamba a bulugamu adali ouma gwa. M'ngalandemo simudadutse madzi.

"Amene anamva za madziwa ndi atatu," adatero Edda podzuka. "Ndipatse nsapato zanga."

*

Sunday adamupeza kuseri kwa nyumba yake akudula nthiti za mbuzi, apuloni ili magazi okhaokha.

"Ba Edda, mwabwela kunimanga? Lekani nisambe manja, ma handikafu yangadetsedwe."

"Lachisanu unali kuti?"

"Ku famu, kukatenga izi. Kuchoka kuseni mpaka zuba yangena. Funsani muzungu wa famu, funsani mukazi wake, funsani na mbuzi zamene zasala. Olo ba Overstone sininabapeleke ku eyapoti. Masiku yonse nine nimabapeleka, koma banatuma foni ati osavutika, nizayenda neka."

"Zigubu zija unazisirira. Ndinakuona."

"Vigubu vabwino, sinikana. Koma mvelani, mami." Adabaya mpeni pathabwa. "Ine nikanankala kawalala, ninganyamule manzi? Manzi yalema. Nikanavitula pamene paja, nataila mu dreni, nanyamula vigubu vilibe kanthu, mu motoka, zii. Nindani wamene angazityole musana kunyamula vinthu vamene afuna kutaya? Uyo muntu ni wofunta, olo ni wachifundo maningi."

Adamupatsa Edda chiwindi m'pepala, ulere, ati chokazingira mwana amene akulira. Edda adathokoza. Ali m'basi mawu aja adamukhala pamtima. Wakubayo adali ndi ngalande pamapazi pake penipeni, koma madziwo adawanyamula.

*

Perpetua adamulandira ndi tiyi, koma maso ankayang'ana kumbali.

"Ndikudziwa chimene mwabwerera, ndipo sindinama pa sabata loyera. Kunyumba kwanu ndinafikako."

"Munalowa?"

"Ndinalowa. Titatuluka m'tchalitchi masana ndinatenga mafuta anga odzozera. Ndinati mlongo wanga wagona ndi chinthu m'nyumba, ndikachimange. Kiyi ndinaipeza m'jombo, nanga ndi chinsinsi? Lilongwe yense wa ku Armadale amadziwa. Ndinachotsa njerwa, kutsegula filiji, mulibe kanthu. Ndinagwada pomwepo. Ndinati Ambuye, mwayankha ndisanapemphe."

"Mwati munachotsa njerwa?"

"Eya, njerwa ija mumatsekera chitseko."

"Inali chogona kapena choimirira?"

Perpetua adaika kapu pansi. "Funso lanji limenelo? Inali choimirira, yopendekera kuchitseko, kansanza kali pakati. Ine pobwezera ndinangoikankha ndi phazi."

Edda adamwa tiyi wake mpaka kutha kuti manja apeze chochita. Filiji ija chitseko chake chidali chofooka. Ukaika njerwa chogona chinkatseguka chokha pakapita nthawi. Chinkagwira pokhapokha njerwayo itaimirira, kansanza kali pakati kuti isakande utoto. Tionge yemwe ankaiwala. Amene adamuphunzitsa Edda kaikidwe kameneko ndi mwini filijiyo, tsiku limene adadzamupatsa ulere atangofika kumene m'dziko lino.

Mwini wakeyo adali Overstone.

Ali panjira adadzikalipira yekha. Overstone ndiye adawachingamira pabwalo la ndege iye ndi mwamuna wake, Tionge ali kumsana. A Msaiwale atamwalira, Overstone ndiye adayenda khomo ndi khomo kumema anthu, ndiye adakhala pambali pa bokosi ulendo wonse mpaka kukaliika m'manda ku Dowa. Munthu wotero sumuganizira zoipa chifukwa cha njerwa. Komanso aliyense ankadziwa kuti ndege yake ya kumgodi imanyamuka m'mamawa, Edda asanatuluke n'komwe m'nyumba. Munthu sangabe ku Armadale ali m'mitambo.

Adafika kunyumba n'kumuuza Tionge kuti sadapeze kanthu.

*

Pa Isitala anthu adasonkhana pabwalo la Edda monga mwa chaka chilichonse. Tionge adakana kutuluka m'chipinda. Sunday ankaotcha nyama, Perpetua ankayambitsa nyimbo zimene ena sankazidziwa. Mochedwerapo adafika Emmie, mkazi wa Overstone, ndi ana ake awiri, Atusaye ndi Rodney, atanyamula chikwama chachikulu.

"Pepani, anthuni, pepani. Lero mundikhululukira. Nkhwani wotendera kulibe."

Anthu adadandaula mwanthabwala. Nkhwani wa Emmie ndiye ankabweretsa anthu pa Isitala, ena ankachokera kutali ndi sitima chifukwa cha mbale imeneyo.

"Ndi tizilombo kapena ndi dzuwa, kaya," Emmie adapitiriza akumasula chikwama. "Dzulo ndapita kuti ndikathyole, ndapeza dimba lonse lagona, masamba akuda ngati awazidwa madzi owira. Bambo Atusaye akamva adwala. Mukudziwa mmene amalikondera, mpaka Lachisanu anasintha ndege, anakwera yamasana, ati ndithirire kaye dimba langa. Ndiye ndati ndisapite chimanjamanja, ndaphika thobwa."

Edda adali atanyamula mbale za mpunga. Adaziika pansi pang'onopang'ono.

"Anakwera yamasana?"

"Eee, yamasana. Atu, bweretsa makapu."

Thobwalo lidali m'chigubu choyera cha pulasitiki. Pepala la pamimba pake lidali litamatulidwa, koma pansi pa chogwirira padali kadontho kofiira. Edda adakadziwa, chifukwa adakapaka yekha ndi utoto wa zikhadabo tsiku limene zigubu zidalowa m'nyumba mwake. Ankaopa kuti wina angazisokoneze ndi za madzi akumwa, ndipo Tionge adamuseka kuti mami mumaopa chilichonse.

Emmie adali atathira kale kapu yoyamba. Rodney, wamng'onoyo, adailandira ndi manja awiri.

Edda sadakuwe. Adangodumpha mbale zija n'kumenya kapuyo ndi kuseri kwa dzanja. Thobwa lidamwazikira pa kapinga, mwana adayamba kulira, nyimbo ya Perpetua idadukira pakati.

"Alipo walawa?" adafunsa Edda. "Emmie, ndiyang'ane. Iwe pophika unalawira m'poto kapena m'chigubu?"

"M'poto. Mayi, chavuta n'chiyani?"

"Chigubuchi wachitenga kuti?"

"M'kashedi ka bambo Atusaye. Zilimo zambiri, anazibisa kuseri kwa matayala. Ndinati zigubu zabwinobwino ngati izi zingokhala? Ndinachitsukuluza ndithu."

Sunday adachotsa nyama pamoto popanda womuuza.

*

Dimba la Overstone lidali kuseri kwa nyumba yake, m'mbali mwa mpanda wa malata. Mchenga wa ku Perth subala kanthu, koma munthu uja adauweta ndi manyowa a nkhosa mpaka udasanduka dothi. Maungu ake ankakwera mpanda n'kukagwera kwa mzungu woyandikana naye. Tsopano zonse zidali lambalamba. Patsinde lililonse padali kabeseni kokumbidwa bwino ndi manja, monga amachitira munthu wodziwa kuthirira, ndipo m'kabeseni kalikonse mudatsala chikanga choyera ngati mchere.

Tionge adachita kukokedwa kuti abwere. Ataona adagwada, nanunkhiza, n'kubweza mutu msanga. Adayang'ana mabeseni aja mmodzimmodzi. Kenaka adalankhula m'Chichewa, chimene sadachiyankhule chiyambire maliro a bambo ake.

"Mami, madzi sanapite. Ali pansi apa."

"Angayezedwe?"

"Dothi lagwira zonse. Masamba agwira. Zigubu zinazo sanatsuke." Adayamba kuseka misozi ikutsika. "Akanathira mu ngalande, bwenzi zitapita kunyanja. Aziika pamalo amodzi, mami. Azisunga."

Adaimba mafoni. Anti Connie adafika dzuwa lisanalowe, mayi wamfupi wa tsitsi loyera, akuyenda ndi ndodo. Adaima pamphepete pa dimbalo n'kuliyang'ana. Kenaka adanena mawu pang'ono, Tionge n'kumasulira.

"Akuti agogo awo ankabadwira m'mbali mwa mtsinje umenewu. Akuti azungu akhala akuwafunsa kuti mtsinje ungalankhule bwanji, ulibe pakamwa. Akuti mawa awabweretsa adzaone."

Mayiyo adagwira dzanja la Edda ndi manja onse awiri, ndipo sadalisiye msanga. Emmie adali atakhala pa sitepe, ana ake atawapanikiza pachifuwa, akungobwereza mawu amodzi.

"Zikomo, mayi. Mwana wanga, mayi. Zikomo."

"Thokoza utoto wa zikhadabo," adatero Edda. "Ndipo ana asaponde kuno, ngakhale ndi nsapato."

*

Overstone sadamalize masiku ake kumgodi. Adamubweza Lolemba chifukwa sankatha kugwira sipanala. Adatsika takisi manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono, n'kupeza dimba lake litazunguliridwa ndi tepi, anthu a boma ovala magolovesi akukumba dothi n'kumaika m'matumba. Edda adali atakhala pampando pansi pa mthunzi, kumudikira.

Munthuyo adayang'ana dimba, adayang'ana zigubu zitandandalikidwa pa kapinga, adayang'ana mkazi wake amene adatembenukira kukhoma. Adabwera n'kukhala pansi penipeni, pafupi ndi mapazi a Edda.

"Mwadziwa bwanji, amake Tionge?"

"Njerwa munaiika bwino kwambiri, achimwene."

Overstone adagwedeza mutu. "Ndinaopa kuti nyama yanu ingaonongeke."

"Munalibe nyama mmenemo. Munali mwana wanga."

Ataona kuti Edda sawonjezera, Overstone adayamba yekha.

"Kampani yotsuka makinayo ndi yomweyo imene inandilemba. Bwana wina anandiitana. Anati mtsikana uja si wa kwanu? Si amakutchani ankolo? Anati mapepala anu okhalira m'dziko muno ali patebulo langa, ndipo tebulo langa lili pafupi ndi bini. Sananene kuti kabe. Anthu aja sanena. Anangondifunsa kuti ana anga ali kalasi yanji."

"Bwanji simunabwere kwa ine?"

"Manyazi."

"Nanga poti munaba, bwanji simunangokhuthulira m'ngalande? Inali pamapazi panu."

Overstone adayang'ana mabandeji ake.

"Ndinaima pamenepo, chigubu nditatsegula. Dzanja linakana. Inu mukudziwa kumene ndinakulira. Ku Balaka amayi ankapita kumjigo ndi ndowa n'kubwerako dzuwa lili pamutu. Madzi otsukira mbale tinkathirira nthochi, osambira tinkathirira mpiru. Ukataya kapu imodzi pabwalo unkagona ndi njala. Ndili ndi zaka zambiri kuno, koma kutaya madzi sindinaphunzire. Ndinati awa ndi madzi a mvula, zathovuzo ndi zokokomeza za ana a sukulu. Ndinati bola nkhwani wanga amwe." Adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndinachita kukumba mabeseni ndi manja, kuti dontho lisathawe."

"Ndinanena kuti ngakhale chala."

"Munanena."

"Rodney anali atagwira kapu, achimwene. Ndi manja awiri."

Apo ndiye munthu wamkulu uja adalira, osatha ngakhale kudzipukuta. Edda adamusiya alire. Mumtima mwake mudali mkwiyo, koma mudalinso bokosi lija la ku Dowa, ndipo ziwirizi zidakhala pamodzi osakankhana. Adatulutsa kansalu m'chikwama n'kumupukuta kumaso ngati mwana.

"Apolisi abwera," adatero. "Mukawauze zimene mwandiuzazi, ndi dzina la bwanayo. Ine za ku Dowa sindidzaiwala mpaka kufa. Koma kunama chifukwa cha inu sindinama."

*

Kampani idamukana Overstone. Idati munthuyo sidamutume, idachita kudabwa naye, ndipo idamuchotsa ntchito sabata isanathe. Mapepala ake okhalira m'dziko adatsala lendelende, maloya a ku Fremantle ndiwo adamugwirira kuti asathamangitsidwe mlandu usanamvedwe. Dimba lidakumbidwa mpaka kufika m'mawondo, dothi lonse lija adaliweta zaka zambiri lidapita pa lole, pamalopo adathirapo miyala. Khungu la m'manja mwake lidasupuka n'kumera lina lonyezimira, lolimba, losafuna kupinda. Chaka chimenecho Amalawi a ku Armadale adadya kabichi.

Koma palibe mwana adamwa thobwa lija, ndipo zoyeza zidatuluka zogwirizana, za m'dothi, za m'masamba ndi za m'zigubu. Amene ankati Tionge ndi wabodza adayamba kumupatsa moni wa manja awiri. Perpetua adabwera ndi mafuta ake kudzadzoza filiji, ati ngakhale bulu adalankhulapo m'Baibulo, ndiye za mtsinjezo iye wasiya kutsutsa, akungoonerera. Edda adamulola. Loweruka lina adapita yekha ku Kalingadzi, adaima patali ndi udzu chifukwa njoka za kuno sizichenjeza, ndipo adanena zikomo. Sadadziwe bwino ngati akuuza Mulungu kapena madziwo, koma adaona kuti onse awiri amva.

Ngati lamulo lidzavomere kuti mtsinje ndi munthu, zimenezo n'za akuluakulu, ndipo nkhani zawo zimayenda ngati nkhono. Koma tsiku loyamba kumva dandaulolo lidafika. M'chipinda chachikulu mumzinda, kalaliki adaitana wodandaula, natchula dzina lenileni la mtsinje uja, lija loluma lilime. Anti Connie adadzuka ndi ndodo yawo n'kuyankha kuti ulipo. Tionge adali pambali pawo.

Edda sadaone zimenezo mpaka kumapeto, chifukwa adaitanidwa panja. Pakhonde, pabenchi la mboni, padali Overstone. Emmie adali atamusitira suti yakuda ija adaperekezera maliro ku Dowa. Ankalimbana ndi batani la jekete, zala zikungoterereka.

"Amake Tionge," adatero osadzutsa mutu, "akuti ndikangolowa ndilumbire."

"Imirirani."

Adaimirira. Edda adamumangira mabatani onse, adamuwongolera kolala, n'kumusasa paphewa.

"Munati tidzakuitaneni," adatero. "Mtsinje uli m'katimo, wabwera mmene ulili. Lowani, ukukudikirani."

Chitseko chidatseguka, dzina lake lidaitanidwa. Overstone adalowa atavala suti, manja ali patsogolo ngati wanyamula chinthu chotentha.